Mawu a Anthu Awiri pa Tchanelo cha Ambulansi

Dandaulo linafika pafoni, kuchokera kwa mayi amene amayang'anira chipinda cholandirira mauthenga a ambulansi. Anati kwa milungu itatu wailesi yawo yakhala ikutseguka yokha, makamaka m'mamawa, n'kumamveka anthu awiri akulankhula nthawi imodzi. Wina ankamveka mokweza koma mawu ake ali osweka, winayo chapansipansi ngati ali kuseri kwa khoma. Onse awiri sanali a ambulansi. Zikayamba zinkatenga masekondi asanu kapena 10, kenako zii, pakapita kanthawi n'kuyambiranso.

"Bambo, anthu anga ayamba kumatsitsa voliyumu kuti makutu apume," anatero mayiwo. "Tsiku lina adzatsitsa dalaivala akuitana."

Ntchito yanga ndi yogawa ma frequency a mawailesi olankhulirana, a m'galimoto ndi a m'manja omwe, komanso kufufuza madandaulo mafunde akamasokonezana. Nkhani iyi inatidyera miyezi iwiri pamene sabata imodzi ikanakwana, ndipo kuchedwa kwina kunachokera kwa ine. Ndailemba yonse kuti anzanga a ntchitoyi aone pamene tinapatukira.

Mmene zinthu zinalili

A ambulansi amadalira repeater imene ili pansanja ina pamwamba pa phiri. Imamvera pa 165.250 MHz n'kumabwereza zimene yamva pa 169.850 MHz, ndipo matchanelo a m'gawo limeneli ndi otalikirana 12.5 kHz. Nsanjayo si yawo. Mwini wake amabwereketsa malo kwa amene akufuna kupachika eriyo. M'kaundula wathu munali zotumiza mawu zisanu pamalowo: cha ambulansi, cha kampani ya alonda chimene chimatumiza pa 169.500 MHz, ndi zina zitatu zimene sizinakhudzidwe ndi nkhaniyi.

Dandaulo lililonse limayamba ndi funso lakuti, kodi uwu ndi msokonezo wovulaza kapena ndi kaphokoso koti munthu n'kupirira? Malamulo a mawailesi a ITU, bungwe la padziko lonse loona za mauthenga, amayankha pa ndime 1.169. Kwa mawailesi wamba, msokonezo ndi wovulaza ukamawononga kwambiri, kutsekereza kapena kudula mobwerezabwereza mauthenga a wailesi imene ikutsatira malamulo. Koma kwa mawailesi oteteza moyo, kungoika ntchito yawo pachiswe n'kokwanira, ndipo ndime 1.59 imati wailesi iliyonse yogwiritsidwa ntchito poteteza moyo wa anthu ndi katundu ili m'gulu limeneli. Choncho fayilo tinailemba kuti ndi yachangu tsiku lomwelo.

Kumene tinasochera

Poyamba tinaganiza za munthu wopanda laisensi amene wangokhala pa 165.250 MHz. Tinazungulira chigwa chonse masiku atatu ndi eriyo yolozera mbali imodzi. Mayi aja ankatiimbira kuti zayambanso, ife n'kutembenuza eriyo uku ndi uku, koma osamva kanthu. Apa panali chizindikiro chachikulu: mawuwo ankapezeka paphiri pokha. Ife tinachimva mwina. Tinati ndiye kuti wotumizayo ali kutali kwambiri, kumene phiri lokha lingamuone.

Ganizo limeneli linatifikitsa ku nyengo. Usiku ukakhala wabata, kumwamba kopanda mitambo, mpweya wozizira umagona pansi ndipo wofunda umakhala pamwamba pake. Zikatero mafunde a VHF, gawo limene mawailesi amenewa ali, amapindikira pansi n'kuyenda mtunda wautali kuposa masiku onse, ndipo izi zimachitika kwambiri m'bandakucha. Dandaulo linkanena za m'mamawa, ndiye zinaoneka kuti zagwirizana. M'kaundula munalidi wina wa frequency yomweyo, pa mtunda woposa makilomita 200. Tinamuimbira, koma nthawi zimene anthu ake amalankhula sizinafanane ndi za phokosolo, komanso mawu ojambulidwawo sanawazindikire.

Za intermodulation ndinaziganiziranso, sikuti ndinaziiwala. Mafunde awiri amphamvu akakumana m'chinthu chimene sichidutsitsa magetsi molunjika, amabereka mafunde atsopano amene palibe anawatumiza. Oopsa kwambiri ndi amene amapezeka ukachulukitsa frequency imodzi kawiri n'kuchotsapo inzake, kapena ukaphatikiza ziwiri n'kuchotsapo yachitatu, chifukwa amenewa amagwera pafupi ndi makolo awo. Zotumiza zisanu zimabereka 20 a mtundu woyamba ndi 30 a mtundu wachiwiri. Ndinawerengera onse 50 pakompyuta, ndipo palibe linagwera pafupi ndi 165.250 MHz. Ndinalemba m'fayilo kuti intermodulation ayi. Masamu anali olondola. Cholakwika chinali mndandanda umene ndinawapatsa masamuwo, ndipo mndandandawo ndinautenga m'kaundula ndili pampando, phiri osalikwera.

Pamene phokoso linatha

Ife tikanali kuzungulira, mmisiri wa kampani imene imakonza mawailesi a ambulansi anachita zimene amisiri ambiri amachita kasitomala akatopa. Anaika CTCSS pa repeater ndi pa mawailesi onse. Aka ndi kamawu kotsika kwambiri, kuyambira pa 67 Hz kufika cha m'ma 250 Hz, kamene wailesi imatumiza limodzi ndi mawu a munthu, ndipo repeater imatseguka pokhapokha ikakamva. Tsiku lomwelo chipinda cha mauthenga chinakhala bata. Mayi aja anatithokoza. Ine ndinalemba kuti vuto laoneka kuti latha, tidikire masiku 30 titseke fayilo.

Chiganizo chimenecho ndimachikumbukira mpaka lero, chifukwa ndinkadziwa bwino lomwe zimene CTCSS imachita. Imatseka sipika basi. Mafunde osokonezawo amakhala akulowabe m'cholandira mawu, ndipo pa FM, njira imene mawailesiwa amatumizira mawu, wamphamvu ndiye amatenga malo onse, wofooka n'kuzimiririka. Kale phokoso likamveka, wolandira mauthenga ankadziwa kuti tchanelo chatsekeka ndipo ankafunsa ngati pali amene amaitana. Tsopano analibe chomuchenjeza. Tinali titachotsa belu, ngozi ili pomwepo.

Patapita masiku 10 mayi aja anaimbanso, mawu atasintha. Ambulansi ina inali kumapeto kwa chigawo chawo ndi wodwala, ndipo wothandiza dalaivala anaitana kanayi pa wailesi ya m'manja kuti auzidwe chipatala choti apiteko. Kuchipinda sikunamveke kanthu. Anachita kugwiritsa ntchito foni yake pamene anafika pamalo ogwira netiweki. Wodwalayo anafika bwino, koma nditafunsa nthawi imene zinachitikira anati inali 6 koloko madzulo, tsiku la mphepo. Mpweya wogona m'bandakucha sukanafotokoza zimenezo.

Paphiri

Tinakwera ndi spectrum analyser (makina oonetsa mafunde ndi mphamvu zake) ndi chojambulira mawu, n'kuzilumikiza kumbuyo kwa duplexer ya ambulansi (chipangizo cholola repeater kutumiza ndi kumvera pa eriyo imodzi), pamene cholandira mawu chimamvera. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tinazisiya zikujambula masiku awiri, usana ndi usiku. Zimene zinatuluka zinali zoonekeratu. Msokonezo unkachuluka cha m'ma 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, ndipo masana unkabwera mwa apo ndi apo. Mphamvu yake inali pafupifupi -88 dBm (dBm ndi muyeso wa mphamvu ya mafunde, ndipo -88 ndi yamphamvu kuposa -110). Cholandira mawu chabwino chimamva mpaka cha m'ma -119 dBm, ndipo wailesi ya m'manja ili kumalire inkafika paphiripo pa -110 dBm kapena kutsikirapo. Kusiyana kwa 22 dB kumatanthauza kuti msokonezowo unali wamphamvu kuposa mawu a munthu uja maulendo oposa 150. Akanaitana ngakhale ka 20, sakanamveka.

Titamvetsera zojambulidwazo modekha, mawu okweza aja anapezeka kuti ndi alonda akutchula manambala a malo awo posinthana ntchito. Mawu apansipansi anali a munthu wouza madalaivala a malole kokatenga katundu. Anzanga, kusiyana kwa mawu awiriwa musamakunyalanyaze. Frequency imene yachulukitsidwa kawiri imabwera ndi kugwedezeka kwake kowirikizanso kawiri. Pa tchanelo cha 12.5 kHz mawu amagwedeza frequency mpaka 2.5 kHz, ndiye akawirikizidwa amafika 5 kHz, n'kusefukira m'cholandira mawu. N'chifukwa chake amamveka okweza ndi osweka. Mayi aja anatiuza zimenezi pafoni yoyamba ija, m'mawu awoawo, ndipo zinali zokwanira kutiuza kuti alonda ndiwo achulukitsidwa kawiri.

Tikachulukitsa 169.500 kawiri tipeza 339.000. Tikachotsapo 165.250 patsala 173.750 MHz. Ndinayang'ana m'kaundula: frequency imeneyi inali ya kampani ya malole, tchanelo chimodzi chotumizirapo ndi kumverapo, ndipo laisensi inkati eriyo yawo ili kudepoti kwawo m'chigwa, makilomita 14 kuchokera paphiri, pamlongoti wa mamita 12, mphamvu 25 W. Kuchokera kumeneko sakanabereka chinthu champhamvu chotero.

Ndinatuluka m'kanyumbamo n'kuyamba kuwerenga zingwe zokwera nsanja. Zinali 7. Chimodzi chinali chakufa, chodukira panjira. Zisanu zinali za m'kaundula. Chotsalacho chinalibe chizindikiro chilichonse, ndipo chinkalowa m'kabokosi kokhoma kuseri kwa mabatire. Eriyo yake inali pamulingo umodzi ndi ya alonda, motalikirana mamita awiri okha.

Nkhani yake inali yosavuta. Malole akakhala kuseri kwa zitunda sankamvana ndi depoti, ndiye wogulitsa mawailesi anawauza kuti akweze chotumizacho paphiri, azichilamulira ali kuofesi. Mwini nsanja analandira mlendo watsopano osafunsa laisensi. Bwana wa kampaniyo nditamufunsa anadabwa moona mtima. "Koma bambo, frequency ndi yathu, timalipira chaka ndi chaka," anatero. Ndinamufotokozera kuti chimene anapatsidwa si nambala yokha. Anapatsidwa nambalayo pamalo akutiakuti, pautali wakutiwakuti, ndi mphamvu yakutiyakuti, ndipo chimodzi mwa izi chikasintha, kuwerengera konse kumene tinachita pomupatsa kumagwa.

Kodi mafundewo ankabadwira pati?

Kudziwa makolo sikokwanira. Umafunika kudziwanso malo amene akukumanirana, chifukwa mankhwala ake amasiyana. Malowo amakhala atatu: m'cholandira mawu chimene chathodwa ndi mafunde amphamvu, m'gawo lomaliza la chotumiza mawu, kapena pachitsulo china chilichonse chapafupi.

Tinapempha makampani awiriwo kuti atsegule zotumiza zawo nthawi imodzi tikawauza, titagwirizana ndi a ambulansi kuti mphindi zimenezo akhale pa tchanelo chawo chapadera. Kenako tinaika attenuator ya 10 dB, kachipangizo kochepetsa mphamvu ya mafunde, kutsogolo kwa cholandira mawu. Msokonezo ukamabadwira m'cholandiramo, makolo onse awiri amatsika ndi 10 dB ndipo mwana wawo amatsika ndi pafupifupi 30 dB. Ukamabwera kuchokera kunja uli wobadwa kale, umangotsika ndi 10 dB yomweyo. Wathu unatsika ndi 10. Cholandira mawu cha ambulansi chinalibe mlandu, ndipo filter iliyonse yosefa mafunde imene akanagula sikanathandiza, poti msokonezowo unali pa frequency yawo yeniyeniyo.

Titayeza pachingwe cha alonda tinaupeza ukutuluka m'menemo. Mafunde a malole ankalowa pa eriyo ya alonda, n'kutsika ndi chingwe mpaka m'gawo lomaliza la chotumiza, n'kusakanikirana, n'kukweranso. Repeater ya alonda inalibe isolator, chipangizo choletsa mafunde ochokera ku eriyo kulowa m'chotumiza. Duplexer yake inali ya mtundu umene umangotchinga frequency imodzi n'kulola zina zonse kudutsa, ndiye 173.750 MHz inkalowa ngati pakhomo lotsegula. Maeriyo oyang'anizana pamulingo umodzi anawonjezera vuto, chifukwa eriyo yoimirira imaponya mphamvu zake chammbali. Ikanakhala ina pamwamba ina pansi, kutalikirana komweko kukanawateteza kwambiri.

Zimene tinagamula

Choyamba sichinafune kukambirana. Chotumiza cha malole chinazimitsidwa paphiri madzulo omwewo n'kubwerera kudepoti. Amene ali pamalo osalembedwa mu laisensi sangapemphe chitetezo, ndipo amene ankavutika anali a ambulansi. Sindinalembe zoti alandidwe laisensi. Vuto lawo la malole osamvana ndi depoti linali lenileni, sanabise kanthu titawafunsa, ndipo ndinaona kuti kuwakankhira pakona kukanangowapangitsa kukapachika eriyo kwina mwakachetechete.

Iwo anapempha kuti abwerere paphiri mwalamulo koma pa frequency yomweyo, chifukwa kusintha kunkatanthauza kuitanitsa malole oposa 40 mmodzimmodzi kuti mawailesi ake akonzedwenso. Pempholi linali lomveka, ndiye tinavomera kuyesa. Pa repeater ya alonda panaikidwa isolator yapawiri ndi cavity filter pambuyo pake. Filter imeneyi siyenera kusowa, chifukwa isolator nayonso imabereka ma harmonic ake, amene ndi mafunde a frequency yochulukitsidwa kawiri kapena katatu. Chotumiza cha malole chinaikidwanso zomwezo, ndipo eriyo yake inatsitsidwa kuti ikhale pansi pa ya alonda.

Msokonezo unatsika kuchoka pa -88 kufika cha m'ma -113 dBm. Koma sunakhazikike. Mphepo ikaomba unkadumpha mpaka -105, uku ukuthetheka ngati mafuta pamoto. Chochokera m'makina sichivina ndi mphepo. Mmisiri wokwera nsanja anayamba kugogoda zitsulo ndi nyundo ya labala, mnzake akuyang'ana pa analyser pansi, zotumiza zitatsitsidwa mphamvu kuti wokwerayo asavulale. Atafika pa eriyo yakufa ija, mzere wa pa analyser unalumpha. Zomangira zake zinali zitadyeka ndi dzimbiri, chingwe chake chikulendewera n'kumakhudza chitsulo. Dzimbiri likakhala pakati pa zitsulo ziwiri limachita ngati diode, ndipo diode ndi chosakanizira mafunde. Eriyoyo inachotsedwa, mabawuti ena anasinthidwa, ndipo msokonezo unatsikira pansi pa -120 dBm.

Pamenepa a malole anasangalala, ndipo anzanga ena anati tisainire. Ine ndinakana, pazifukwa ziwiri.

Choyamba, dzimbiri limabweranso. Isolator imawonongeka ndi mphezi popanda wodziwa, ndipo repeater imapitiriza kugwira ntchito ngati palibe chachitika. Bola masamu akuti 339.000 kuchotsapo 173.750 ndi 165.250 akadali oona pansanja imeneyo, moyo wa odwala ukanakhala ukudalira bawuti imene palibe amaiyang'ana. Kwa kampani ya zamalonda ndikanalola filter kukhala chitetezo chokhacho. Kwa ambulansi ayi.

Chachiwiri anachipeza mnzanga amene ankawerengeranso kafikidwe ka mafunde ndi njira ya ITU-R P.1546 pokonza laisensi yatsopano. Ngakhale masamu achidule amaonetsa zomwezo. Malire a kumene wailesi imaona, m'makilomita, ndi pafupifupi 4.12 kuchulukitsa ndi ma square root a kutalika kwa maeriyo awiriwo ataphatikizidwa. Mlongoti wa mamita 12 ndi galimoto ya mamita awiri zimapereka makilomita 20. Eriyo imene ili mamita 400 pamwamba pa chigwa imapereka makilomita 88. Ndipo 173.750 MHz tinali titaiperekanso kwa wina pa mtunda wa makilomita 70, podalira kuti a malole ali m'chigwa. Titamuimbira, anati inde, kwa miyezi ingapo akhala akumva za malole pa wailesi yawo. Sanadandaule chifukwa ankaganiza kuti mawailesi ndi mmene amakhalira.

Posankha frequency yatsopano sitinangosunthira pa tchanelo choyandikana. Kusuntha 12.5 kHz kukanasunthanso msokonezo ndi 12.5 kHz yokha, ndipo poti ndi wotambalala kuposa mawu wamba, m'mphepete mwake mukanakhudzabe ambulansi. Tinawerengera zotumiza zonse 6, zimene zimabereka 30 a mtundu woyamba ndi 60 a mtundu wachiwiri, n'kuyerekeza ndi cholandira chilichonse cha pansanjapo, ulendo uno pogwiritsa ntchito mndandanda umene tinalemba ndi manja tili pamalopo. Tinasankha 173.300 MHz. Ndi ya alonda imabereka 165.700 MHz, kutali ndi ambulansi ndi 450 kHz, pamene palibe amene amamvera paphiripo. Tinawachepetseranso mphamvu kufika pa 10 W, poti paphiri 25 W inali yongopitirira malire a kumene malole awo amayenda.

Zotsatira

Kusintha mawailesi a malole kunatenga milungu itatu, ndipo m'nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito tchanelo chakale kuchokera kudepoti kokha. CTCSS ya ambulansi tinaisiya, poti payokha si yoipa, koma tinapempha kuti wailesi imodzi m'chipinda cha mauthenga izimvera popanda iyo, kuti chilichonse cholowa pa tchanelo chizimveka. Chojambulira chathu chinakhala paphiri masiku 90 ndipo sichinagwire kanthu koposa phokoso lachilengedwe.

Kuofesi tinasintha zinthu zingapo. Fomu yopemphera frequency inkafunsa adiresi, ndipo ambiri ankalemba ya ofesi yawo. Tsopano imafunsa manambala a GPS a pamene eriyo yaima, kutalika kwake, ndi chithunzi. Dandaulo la wailesi yoteteza moyo silitsekedwanso chifukwa chakuti wodandaula wasiya kumva phokoso, pamafunika muyeso wotengedwa pa cholandira mawu. Eni nsanja tinawalembera kuti asamalandire mlendo wopanda laisensi yotchula nsanja yawoyo, ndiponso kuti chingwe chilichonse chikhale ndi chizindikiro cha mwini wake ndi frequency yake. Mwini nsanja ya nkhaniyi anayankha mwachangu. Ena mpaka pano sanayankhe.

Tinayambanso kukwera nsanja zina zokhala ndi alendo ambiri n'kumawerenga zingwe. Pa yoyamba imene tinafikako, kaundula ankati zotumiza zilipo 8. Tinapeza 10.